Kodi aneba ndi apolisi? Za anthu olondera mudzi usiku popanda malipiro

Mwezi wathawu azakhali anga, amene amapikula usipa kudoko n'kumakagulitsa ku Kamuzu Road m'tauni ya Salima, adaimitsidwa panjira cha m'ma 3 koloko m'bandakucha. Anali ndi beseni pamutu, mpamba wawo atamangirira pachitenje, akufulumira kuti akapeze mabwato akungokocheza kumene. Anyamata anayi, awiri mwa iwo atavala majekete onyezimira aja, adawaunika tochi kumaso.

"Mayi, usiku uno ulendo wakuti?"

"Kunyanja, ana anga. Beseni ili simukuliona?"

"Nthawi ino ndi ya vakabu. Mulipire kaye."

Adalipira, poti mabwato sadikira munthu. Sabata yomweyo gulu lomwelo lidagwira anthu awiri akukweza mbuzi zakuba panjinga yamoto, ndipo gogo wina wamasiye adalandira mbuzi zake kusanache. Mudzi udagawikana. Pamjigo, pachigayo ndi pamaliro ena ankati anyamatawa ndi mbava zovala majekete, ena ankati popanda iwo makola onse akadakhala atatsala apululu. Nditamvetsera mbali zonse ndidaona kuti funso limene likuvuta ndi limodzi, ndipo ngakhale anebawo sankaliyankha mofanana: pamaso pa lamulo, munthu wovala jeketeyu ndi ndani, ndipo mphamvu zake zimalekeza pati?

Dzinali ndi kumene lidachokera

Mawu akuti neba tidabwereka ku Chingerezi, pa dzina lakuti neighbourhood watch, kutanthauza anthu oyandikana nyumba kulonderana okhaokha. Dongosolo lonse limene aneba ali chigawo chake boma limalitcha community policing, ndiye kuti apolisi ndi anthu a m'dera kugwirira limodzi ntchito yoteteza deralo. Pawailesi mumamva akuti "achitetezo cha m'mudzi" kapena "apolisi a m'madera". Dzina lachiwirili ndi limene limasokoneza anthu, chifukwa munthu akamva kuti apolisi amaganiza za unyolo, chitokosi ndi mfuti.

Amene adakula nthawi ya chipani chimodzi akukumbukira kuti anthu osakhala apolisi adakhalapo ndi mphamvu zoopsa m'dziko muno. Ayufi ankaima pachipata cha msika kufunsa khadi ya chipani, ndipo apayoniya ankasunga zida mpaka asilikali adawalanda mu December 1993 pa chochitika chija chimatchedwa Operation Bwezani. Apolisi eniake nawonso ankaopedwa. Munthu ukaona galimoto yawo unkalowera kutchire ngakhale usanalakwe kanthu.

Ulamuliro wa zipani zambiri utabwera mu 1994 mantha aja adachepa, koma umbava ndi umbanda udakula. Nkhondo ya ku Mozambique inali itangotha mu 1992 ndipo mfuti zambiri zidalowa m'dziko muno. Anthu atataya chikhulupiriro adayamba kutengera lamulo m'manja mwawo, kumenya ndi kuotcha oganiziridwa kuba. Apa m'pamene apolisi, mothandizidwa ndi boma la Britain, adayamba kusintha kagwiridwe ka ntchito, ndipo mu 1997 upolisi wogwira ntchito ndi anthu a m'madera udayambika. Lamulo la apolisi la 2010 lidaulowetsa m'malamulo. Ngakhale dzina la apolisi lidasintha, kuchoka ku Malawi Police Force kukhala Malawi Police Service, pofuna kunena kuti ntchito yawo ndi kutumikira anthu, osati kuwaopseza.

Ganizo lake ndi losavuta. Salima ili ndi anthu oposa 470,000 malinga ndi kalembera wa 2018, omwazikana kuchokera ku Chipoka mpaka ku Thavite, ku Senga Bay mpaka kumapiri a ku Thuma. Wapolisi wokhala paboma sangadziwe kuti kwa Khombedza kwafika mlendo amene amagona masana n'kumayenda usiku. Mayi wogulitsa zitumbuwa pamphambano amadziwa zimenezo tsiku lomwelo. Apolisi ali ndi mphamvu za lamulo koma alibe maso okwanira. Anthu ali ndi maso koma alibe mphamvuzo.

Makwerero ake amatsata ufumu

Amene adakonza dongosololi sadayambe chinthu chachilendo, adangotsata makwerero a ufumu amene tonse timawadziwa. M'mudzi, pansi pa nyakwawa, mumakhala komiti yoletsa umbanda, imene pa Chingerezi amati Crime Prevention Committee. Kwa gulupu kumakhala gulu lokulirapo lotchedwa Crime Prevention Panel, limene limasonkhanitsa makomiti a midzi ya gulupuyo. Kwa mfumu yaikulu, monga kwa Kalonga, Maganga, Pemba kapena Ndindi, kumakhala bwalo lotchedwa Community Policing Forum. Pamwamba pa onsewa pali komiti ya papolisi, Station Executive Committee, pamene nthumwi za anthu zimakhala pamodzi ndi mkulu wa polisiyo. M'matauni ndi m'misika, kumene anthu ndi osakanikirana, m'mene dzina la neba lidazika mizu kwambiri.

Mamembala amayenera kusankhidwa ndi anthu pamsonkhano, mfumu ili pomwepo, ndipo apolisi amayenera kuwadziwa. Papolisi pamakhala ofesala woona za upolisi wa m'madera, amene ntchito yake ndi kuyendera magulu amenewa, kuwaphunzitsa ndi kulandira malipoti awo. Gulu limene langodzisonkhanitsa lokha kushabini, n'kugula majekete pakaunjika, popanda mfumu kapena apolisi kulidziwa, si la dongosololi ayi, ngakhale litalondera usiku wonse.

Kunja kuli apolisi odzipereka enieni

Apa m'pofunika kusiyanitsa, chifukwa achinyamata ena amawerenga pa intaneti za anthu amene masana ndi aphunzitsi kapena amakaniko, madzulo n'kuvala yunifolomu ya polisi. Zimenezo zilikodi. Ku England ndi Wales kuli anthu otchedwa special constables, apolisi odzipereka ogwira ntchito maola ochepa, ndipo lamulo limene lidawakhazikitsa mwadongosolo linali la 1831. Salandira malipiro, amangobwezeredwa zimene awononga monga za mayendedwe, ndipo kawirikawiri amafunsidwa kupereka maola 16 pamwezi. Koma iwowa amafufuzidwa mbiri yawo, amaphunzitsidwa kwa miyezi, amalumbira pamaso pa majisitireti, kenako amakhala ndi mphamvu zonse zimene wapolisi wolembedwa ntchito ali nazo.

Neba wathu salumbira, salembedwa m'kaundula wa apolisi ngati ofesala, ndipo maphunziro ake nthawi zambiri amakhala a masiku ochepa. Jekete lonyezimira, wezulo, tochi, nsapato za mvula kapena njinga yakapalasa imene bungwe lina lapereka ndi zomuthandiza kuti aoneke ndi kuyenda msanga. Sizimuonjezera mphamvu ina iliyonse.

Nanga mphamvu zimene ali nazo ndi ziti?

Ndi zomwezo zimene inu ndi ine tili nazo. Malamulo a kayendetsedwe ka milandu amalola munthu wamba kugwira munthu amene wamuona akupalamula mlandu waukulu, kapena amene pali chifukwa chomveka chomuganizira kuti wapalamula mlandu wotero. Koma chilolezochi chili ndi chingwe chake: wogwidwayo aperekedwe kwa apolisi mosataya nthawi. Mphamvu yogwiritsa ntchito pomugwira ikhale yongokwanira kuti asathawe. Munthu akakhala pansi, manja ali m'mwamba, chibonga chilichonse chimene chamugwera pamenepo ndi mlandu wovulaza munthu, ndipo woyankha ndi amene wamenyayo, jekete kapena wopanda jekete.

Tiyerekeze ndi ngozi ya pamsewu. Basi ikagubuduka pa M5, anthu a m'mudzi ndi amene amafika koyamba. Amatulutsa ovulala, kumanga mabala ndi zitenje, kuimitsa galimoto yowatengera kuchipatala. Popanda iwo ambiri akadafera pomwepo. Koma palibe amene amatenga mpeni kuti ang'ambe wovulala pamimba poti dokotala akuchedwa. Ntchito ya neba ili chimodzimodzi: kuona, kuchenjeza, kugwira, kusunga umboni, kukapereka.

Kuchokera apa zambiri zimadziyankha zokha. Neba alibe chitokosi, choncho sangatsekere munthu m'sitolo kapena kumumangirira kumtengo mpaka mawa madzulo kuti "aulule". Sangalowe m'nyumba ya munthu kukasecha mokakamiza. Sangagamule mlandu kapena kulipiritsa chindapusa; imeneyo ndi ntchito ya khothi. Ngakhale apolisi eniakewo ali ndi malire, pakuti gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko limati womangidwa auzidwe chifukwa chake, ali ndi ufulu wokhala chete, ndipo akaonekere kukhothi pasanathe maola 48, kapena tsiku loyamba limene khothi likugwira ntchito ngati maolawo athera pa tsiku lopuma. Belo ya kupolisi ndi yaulere. Ngati wapolisi wolumbira ali womangika chotere, munthu wodzipereka sangakhale womasuka kuposa iye.

Ndibwerere ku vakabu ija adalipira azakhali. Mawuwa adachokera ku gawo lina la malamulo a milandu limene lidabwera ndi atsamunda, lomwe linkalola kumanga munthu wopezeka pamalo ndi panthawi yokayikitsa. Mu January 2017 Khothi Lalikulu ku Blantyre lidagamula kuti gawo limenelo likutsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko. Adakadandaula anali venda wogulitsa majumbo, amene adamangidwa m'bandakucha akupita kumsika wa Limbe. Nkhani yake ikufanana kwambiri ndi ya amayi athu a usipa, a kabaza olawirira kudepoti, ndi alimi a mpunga ku Lifuwu opita kukaingitsa mbalame kusanache. Kuyenda usiku pakokha si mlandu. Neba angathe kufunsa mwaulemu kuti ndinu ndani, mukupita kuti, ndipo munthu wanzeru amayankha chifukwa amadziwa kuti funsolo likuteteza khola lake lomwe. Koma ndalama ya vakabu kulibe m'buku lililonse.

Usiku umodzi pamlondo

Kuti ndisaweruze ndili pabedi, ndidapempha kuyenda nawo usiku wina. Tidakumana pakhonde la golosale cha m'ma 10 koloko, anthu asanu ndi awiri. Wapampando, bambo wa zaka za m'ma 50 amene masana amasoka maukonde, adatsegula kope la sukulu n'kulemba mayina a onse amene abwera. Matochi analipo atatu, imodzi mabatire ake atafooka kale. Mwera unkaomba, ndipo mnyamata wina anali atangovala kabudula ndi patapata.

Maola ambiri sipachitika kanthu. Mumayenda kuseri kwa makola, kudutsa pathandala pamene usipa wayanikidwa, kukasuzumira kudoko ngati injini za maboti zili m'malo mwake. Agalu akauwa mbali ina mumaima n'kumvetsera. Cha m'ma 1 koloko tidapeza bambo wina ataledzera kachasu, atagona m'mbali mwa msewu, foni ili pambali pake. Awiri adamudzutsa: "Achimwene, tiyeni kunyumba, pano mugundidwa." Adamuperekeza mpaka pakhomo n'kupereka foni kwa mkazi wake. Wapampando adalemba m'kope muja.

Titakhala pansi kuti tipumule ndidamufunsa chimene chimamuvuta kwambiri. Ndinkayembekezera kuti atchula akuba a zikwanje. Iye adatchula zina. Adati ukagwira munthu usiku n'kuimba foni kupolisi, nthawi zina amakuuza kuti galimoto ilibe mafuta, ndiye uyenera kupeza njinga yamoto ndi ndalama ya m'thumba mwako. Ukakafika uyenera kulembetsa sitetimenti, ndipo mlandu ukalowa m'khothi uyenera kukaperekera umboni, tsiku lonse la ganyu n'kupita. Patapita masiku awiri umakumana ndi munthu yemwe uja pamsika, watuluka pa belo, akukuyang'ana ndi diso lofiira. Ndipo kawirikawiri si mlendo ayi. Ndi mwana wa mlongo wako, kapena mkamwini wa amfumu.

Za belozi ndi zimene zimapha mtima anthu ambiri, ndipo n'zofunika kuzimvetsa. Kutuluka pa belo si kuthetsedwa kwa mlandu. Lamulo limati munthu ndi wosalakwa mpaka khothi litamupeza wolakwa, choncho amaloledwa kudikira mlandu wake ali kunyumba. Milandu yambiri imafa pambuyo pake, pamene mboni zatopa n'kusiya kupita kukhothi. Mwini mbuzi akalandira mbuzi zake amati zatha. Woimira boma pamlandu amatsala yekha wopanda umboni, ndipo majisitireti sangachitire mwina koma kumasula munthuyo.

Nkhani ya ndalama

Apa ndi pamene pamakhala mkangano waukulu, ndipo mbali zonse zili ndi mfundo. M'madera ambiri, makamaka m'misika ndi m'malokeshoni, mabanja ndi eni magolosale amasonkha kangachepe pamwezi kuti aneba agule mabatire, mayunitsi ndi tiyi. Oikira kumbuyo zimenezi amati munthu sangachezere usiku wonse pamphepo, mawa lake n'kulephera kupita kumunda, ana ake n'kugona ndi njala poteteza katundu wa ena. Otsutsa amati ndalama ikalowa, ntchito yodzipereka imasanduka ganyu, ndipo nyumba imene yalephera kusonkha imayamba kuopsezedwa kuti "tiona amene adzakudzukireni". Ena amaonjeza kuti kuteteza anthu ndi udindo wa boma limene timalipira msonkho.

Chimene ndingathe kunena motsimikiza n'chakuti boma sililipira aneba, ndipo chopereka cha m'dera ndi mgwirizano wa anthu, si msonkho. Kumene ndaona zikuyenda, kuchuluka kwa ndalama kumagwirizanidwa pamsonkhano, wotolera amadziwika, msungichuma amawerenga poyera zimene zalowa ndi zimene zatuluka, ndipo okalamba ndi amasiye sakakamizidwa. Kumene zimavuta n'kumene ndalama imatoledwa panjira, usiku, ndi munthu wogwira chibonga.

Kuno ku Salima tili ndi chitsanzo chapafupi cha m'mene anthu angasungire malamulo awoawo kwa zaka zambiri. Pachilumba cha Mbenji, kwa mfumu Makanjira, usodzi umatsekedwa nyengo ya mvula, kuyambira December mpaka April, ndipo mowa ndi juga n'zoletsedwa pachilumbapo. Malamulowa akhala akugwira ntchito kuyambira m'zaka za m'ma 1950. Chimene chimawalimbitsa n'chakuti msodzi aliyense amawadziwa asanakwere bwato, amadziwa amene akuwayang'anira, ndipo amaona phindu lake utaka ukachuluka. Gulu la neba limene anthu sadziwa malamulo ake ndiponso amene adalisankha silingakhale ndi ulemu wotere.

Khamu likakwiya

Ntchito yovuta kuposa zonse imabwera pamene wakuba wagwidwa kale. Wezulo ikalira anthu amatuluka ndi mipini, miyala ndi mkwiyo wa nkhuku zonse zimene zidasowa chaka chonse. Panthawi imeneyo munthu wofunika chitetezo ndi wogwidwayo, ndipo amene ali pafupi kuti amuteteze ndi neba yemwe wamugwira.

Tidaona mu 2017 m'mene mphekesera za anamapopa zidayendera ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo. Anthu adatchinga misewu, kuimitsa magalimoto ndi kupha anthu osalakwa amene adangowakayikira chifukwa anali alendo. Ambiri ochita zimenezo ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti akuteteza mudzi. Timamvanso za agogo omenyedwa ndi kuotcheredwa nyumba powaganizira ufiti, pamene lamulo la 1911 limene likugwirabe ntchito limati kuloza munthu chala kuti ndi mfiti ndiwo mlandu. Gulu lophunzitsidwa bwino limaima pakati pa khamu ndi munthu wotere, kumulowetsa kwa amfumu ndi kuitana apolisi. Gulu losaphunzitsidwa limatsogolera khamulo. Amene amaponya mwala woyamba amaiwala kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe: tsiku lina ndi mwana wake amene adzatsike basi usiku kumudzi kumene sakumudziwa.

Mbali ina, pamene abale athu achialubino adayamba kusakidwa ndi kuphedwa kuyambira cha m'ma 2014, achitetezo cha m'midzi ndi amene ankadziwa nyumba zawo, kuzizungulira usiku ndi kuperekeza ana kusukulu. Ntchito imeneyo wapolisi wapaboma sakadaikwanitsa yekha.

Milandu yosayenera kuthera m'mudzi

Mikangano ya malire a munda, ng'ombe zodya chimanga cha mnzako, ngongole ya ufa, izi bwalo la mfumu limazidziwa bwino ndipo zikathera komweko apolisi amapepukidwa. Koma kugwiririra, kugona ndi mwana, kuvulaza munthu, kupha, kuba ndi zida, si nkhani zokambirana ndi mbuzi kapena nkhuku. Makhothi a mafumu amene ankaweruza milandu yotere nthawi ya Kamuzu adatha pobwera ulamuliro wa zipani zambiri. Neba amene wamva kuti mtsikana wachitidwa chipongwe n'kuthandiza mabanja "kugwirizana" wamulakwira mwanayo kachiwiri. Njira yake ndi kuchipatala mwamsanga, pasanathe maola 72 kuti alandire mankhwala oteteza ku HIV, ndiponso ku Victim Support Unit, nthambi ya papolisi yothandiza ochitiridwa nkhanza. Nambala ya 116 ndi yaulere pa nkhani za ana.

Wofuna kulowa, ndi wofuna kudandaula

Wofuna kudzipereka ayambire kwa nyakwawa kapena wapampando wa komiti ya m'mudzi, ndipo afunse ngati gululo likudziwika kupolisi. Amayi akufunika kwambiri, chifukwa pali nkhani zimene mtsikana sangauze bambo wogwira chibonga, ndipo pali zambiri zimene zimamveka pamjigo zisanafike kwina kulikonse. Si onse ayenera kulondera usiku. Lamulo la 2010 lidatsegulanso njira yoti anthu wamba osankhidwa aziyendera zitokosi za apolisi kukaona m'mene osungidwamo akukhalira, ndipo imeneyonso ndi ntchito yodzipereka.

Amene walakwiridwa ndi neba apite kwa wapampando kapena kwa mfumu, ndipo zikakanika, kwa ofesala woona za upolisi wa m'madera. Ngati wamenyedwa kapena kulandidwa ndalama, umenewo ndi mlandu wokadandaula kupolisi monga wina uliwonse.

Azakhali adatsata njira yoyambayo. Amfumu adaitanitsa msonkhano Loweruka masana pansi pa mtengo wa mango, ndipo anyamata anayi aja adaimirira pamaso pa anthu. Wamkulu wawo adati ndalamayo adagulira mabatire. Azakhali adayankha kuti, "Mukadandipempha masana, ana anga, ndikadakupatsani ndi usipa womwe." Ndalama idabwezedwa. Gogo wa mbuzi uja naye adaimirira n'kupempha kuti anyamatawo asachotsedwe. Pamapeto adagwirizana kuti chopereka cha mabatire chizitoledwa ndi msungichuma pa 1 mwezi uliwonse, chilembedwe m'kope, ndiponso kuti amayi opita kudoko azisonkhana pagolosale paja 3 koloko, aneba awiri aziwaperekeza mpaka kumchenga.